Kodi tingakondwere bwanji ndi chipulumutso cha Aisraeli pamene Aigupto anamira ndipo ifenso tili pamavuto?

Funso lachokera kwa mayi wina wa m'boma la Zomba, ndipo akuti: "Abusa, ndine mmodzi wa atsogoleri a amayi a Mvano pa mpingo wathu. Andipempha kuti nditsogolere phunziro la Baibulo m'sabata ya Pasaka, ndipo mutu wake ndi wakuti tikondwere ndi ubwino wa Mulungu amene anatulutsa Aisraeli mu ukapolo. Ndawerenga Eksodo 14 ndi 15 mobwerezabwereza, koma mtima wanga sukukhazikika. Ana oyamba kubadwa a Aigupto anafa, asilikali anamira, ndipo onsewo anali ndi amayi awo. Kodi n'zoyenera kuvinira imfa za anthu? Chinanso, amayi ambiri m'gulu lathu sanakolole bwino, wina mwana wake wamkazi anapita kunja kukagwira ntchito ya m'nyumba ndipo mabwana ake akumukaniza kubwerera, ineyo ndinaferedwa mwamuna chaka chatha. Ndikawauza bwanji kuti akondwere? Kodi ndikuchimwa poganiza motere, ndipo kodi ndikane udindowu?"

Mayi, poyamba landirani chipepeso changa pa imfa ya bambo a kunyumba. Simukuchimwa, ndipo musakane udindowu. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chipangano Chakale ndaona kuti anthu amene amaima pa nkhani ya Nyanja Yofiira n'kufunsa za amayi a asilikali omira aja ndi amene amaiwerenga ndi mtima wonse, ndipo ndi amenenso amaiphunzitsa bwino kuposa amene amangothamangira kukuwa kuti aleluya. Mafunso anu awiri onsewo Baibulo lenilenilo limawadziwa, ndipo silinawabise. Chimene chikufunika n'chakuti muwerenge nkhaniyi kuyambira patali pang'ono ndi pamene mwayambira, ndiponso mupitirire pang'ono pamene mwalekezera.

Nyimbo ya pa Eksodo 15 siimveka bwino munthu akaidula ku Eksodo 1. Kumeneko timamva za mfumu yatsopano imene sinamudziwe Yosefe, imene inaopa kuchuluka kwa Aisraeli n'kuwaikira akapitawo oti awazunze ndi ntchito yakalavulagaga, mpaka anamangira Farao mizinda yosungiramo chuma ya Pitomu ndi Ramesesi. Ntchitoyo italephera kuwachepetsa, mfumu inalamula azamba awiri, Sifra ndi Puwa, kuti azipha ana aamuna pobadwa, ndipo azambawo atakana chifukwa choopa Mulungu, lamulo linaperekedwa kwa anthu onse a m'dzikomo kuti mwana aliyense wamwamuna wa Chiheberi aziponyedwa mumtsinje wa Nailo. Choncho amayi amene anatsatira Miriamu ndi malingaka ndi kuvina m'mbali mwa nyanja anali a mtundu umene ana ake anamizidwa m'madzi mwa lamulo la boma. Mose atapita kukapempha ufulu, zinthu zinafika poipa kwambiri, pakuti pa Eksodo 5 anthu analandidwa udzu woumbira njerwa koma chiwerengero cha njerwa za pa tsiku sichinatsitsidwe, ndipo oyang'anira anzawo a Chiisraeli ankamenyedwa ntchito ikaperewera. Pa Eksodo 6:9 timamva kuti anthuwo sanathenso n'komwe kumvera uthenga wabwino wa Mose chifukwa mitima yawo inali itasweka. Ndipo tsiku la panyanja lija, Farao sanabwere kudzatsanzikana nawo. Anabwera ndi magaleta 600 osankhika pamodzi ndi ena onse a m'dziko, kudzabweza antchito ake kapena kudzawapha. Nyimbo ija ndi ya anthu amene usiku wathunthu ankadziwa kuti afa, m'mawa n'kupezeka ali moyo ndi ana awo. Woimba nyimbo yotere maso ake ali pa moyo umene wapatsidwa, ndipo mukawerenga mosamala muona kuti palibe Mwisraeli ndi mmodzi yemwe amene akutamandidwamo kuti anagwira lupanga. Ngakhale dzina la Mose mulibe m'mawu a nyimboyo.

Kumbukiraninso kuti chiweruzo sichinagwe modzidzimutsa. Panadutsa miliri 10, ndipo kawirikawiri chenjezo linkatsogola. Pa miliri yoyambirira nkhaniyo imati mtima wa Farao unauma kapena kuti iye mwini anauumitsa, makamaka akangoona kuti mavuto achepa, ndipo kuyambira pa mliri wa 6 ndi pamene timawerenga kuti Yehova anaumitsa mtima wake. Aigupto ena anamva chenjezo: pa Eksodo 9:20 nduna zina zimene zinaopa mawu a Yehova zinalowetsa m'nyumba antchito ndi ziweto zawo matalala asanagwe, ndipo pa 10:7 nduna za Farao zinamudandaulira mwini wakeyo kuti awalole anthuwo apite chifukwa dziko linali litawonongeka. Pa 12:38 timamvanso kuti gulu lalikulu la anthu a mitundu ina linatuluka limodzi ndi Aisraeli.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti zimenezi zikuchotseratu ululu wa funso lanu. Eksodo 11:5 imanena poyera kuti imfa idzafika ngakhale kwa mwana woyamba wa mdzakazi wopera pamphero, ndipo 12:29-30 imatchula mwana wa mkaidi wa m'ndende n'kunena kuti kunali kulira kwakukulu popeza panalibe nyumba imene munalibe maliro. Mdzakazi uja sanakaniza munthu kupita kwawo. Wolemba nkhaniyi akanatha kumusiya osamutchula, koma anamutchula, ndipo ine ndimaona kuti tiyenera kumusiya aime pomwepo m'phunziro lathu popanda kumufafaniza ndi mayankho achangu. Mtsogoleri akauma mutu, amene amayamba kulira ndi anthu wamba a m'dziko lake, ndipo zimenezi amayi a m'gulu lanu sakufunika kuwafotokozera nthawi yaitali. Wina akakufunsani chifukwa chimene Mulungu analolera kuti mwana wa mdzakazi afe, palibe manyazi kuyankha kuti funsolo ndi lolemera, kuti okhulupirira alimbana nalo kwa zaka zambirimbiri, ndipo kuti kulimva kuwawa kwake ndi chizindikiro cha mtima wamoyo.

Ayuda, amene nkhaniyi ndi ya makolo awo, anafika kale pamene mwafikapo. M'mabuku a aphunzitsi awo akale otchedwa Talmud muli nthano yakuti angelo anafuna kuimba pamene Aigupto ankamira, koma Mulungu anawadzudzula kuti ntchito ya manja ake ikumira m'nyanja ndipo iwo akufuna kuimba. Mpaka lero, pa chakudya cha usiku wa Pasaka, mabanja ambiri a Chiyuda amachotsa dontho la vinyo m'chikho pa mliri uliwonse umene watchulidwa, ndipo ambiri amatanthauzira mwambowu kuti chikho cha chimwemwe sichingadzaze pamene ena anavutika. Zimenezi si Malemba, koma zikugwirizana ndi Malemba. Miyambo 24:17 imaletsa kukondwera mdani akagwa, Ezekieli 33:11 imati Mulungu sakondwera ndi imfa ya woipa, ndipo Deuteronomo 23:7, m'malamulo operekedwa kwa ana a akapolo omwewo, imawaletsa kunyansidwa ndi Mwigupto chifukwa anakhalapo alendo m'dziko lake. Mneneri Yesaya anafika ponena, pa 19:25, kuti tsiku lina Yehova adzadalitsa Aigupto n'kuwatchula kuti anthu ake.

Apa pali ngozi imene ndikufuna muisamale, chifukwa ndaiona ikulowa m'magulu a mapemphero mosavuta. Nkhani ya Farao ikalalikidwa mopupuluma, aliyense amayamba kufunafuna Farao wake, ndipo kawirikawiri Farao ameneyo amakhala apongozi, mkazi mnzake, mlamu wolimbirana naye munda, kapena gogo wina wa m'mudzi amene akumuganizira zaufiti. Pemphero limasanduka themberero, anthu n'kumapempha kuti adani awo amire. M'dziko muno okalamba ena amenyedwapo ndi kuphedwa chifukwa cha kunamiziridwa ufiti, choncho nkhaniyi si yaing'ono. Mukamva phunziro likupendekera kumeneko, libwezeni mwaulemu koma molimba mtima. Aisraeli sanauzidwe kutemberera munthu, anauzidwa pa Eksodo 14:13-14 kuti asaope, aime chilili, ndipo Yehova ndiye adzawamenyera nkhondo.

Uphungu wanga ndi wakuti phunziro lanu mulimange pa Eksodo 18:1-12, ndipo chaputala 15 chikhale chothandizira. Ndimeyi anthu ambiri amaidumpha, komatu ndi imene ili ndi mawu enieni a mutu umene mwapatsidwa, pakuti vesi 9 imati Yetero anakondwera chifukwa cha zabwino zonse zimene Yehova anachitira Aisraeli powalanditsa m'manja mwa Aigupto. Yetero anali wansembe wa ku Midiyani, sanali Mwisraeli, ndipo sanaumbepo njerwa ndi imodzi yomwe. Anali mpongozi wa Mose, ndipo amayi a ku Zomba adzamvetsa msanga mukawauza kuti Mose anakhalapo mkamwini pamudzi pa bambo ameneyu, akuweta nkhosa za apongozi ake. Tsopano mkamwini uja wasanduka mtsogoleri wa mtundu wonse, koma apongozi ake atafika kuchipululu ndi Zipora, mkazi wa Mose, ndi ana awiri, Geresomu ndi Eliezere, Mose anatuluka kukawachingamira, anawagwadira, anawapsompsona, anafunsana za moyo, kenako n'kulowa m'hema. Chimwemwe cha m'ndimeyi chikuyambira pa malonje a pabanja.

Ndiye taonani zimene Mose ananena m'hemamo. Vesi 8 imati anafotokoza zonse zimene Yehova anachita kwa Farao ndi kwa Aigupto, komanso mavuto onse amene anakumana nawo panjira, ndi m'mene Yehova anawapulumutsira. Pofika nthawi imeneyi mavutowo anali ambiri: madzi owawa a ku Mara, njala ya m'chipululu cha Sini, ludzu la ku Refidimu kumene Mose anadandaula kuti anthu atsala pang'ono kumugenda, ndiponso nkhondo ya Aamaleki. Mose sanakometsere umboni wake pochotsa zowawazo, ndipo Yetero anakondwera atamva zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Atatero anatamanda Yehova, anavomereza kuti tsopano wadziwa kuti Yehova ndi wamkulu kuposa milungu yonse, anapereka nsembe, ndipo Aaroni ndi akuluakulu a Israeli anabwera kudzadya naye pamaso pa Mulungu. M'mawa mwake munthu yemweyo, ataona mkamwini wake akuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anamuuza mosapita m'mbali kuti zimenezo si zabwino ndipo zidzamutopetsa iye ndi anthu omwe, n'kumulangiza kuti asankhe anthu oopa Mulungu ndi odana ndi ziphuphu kuti aziyang'anira magulu a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kwa gulu ngati lanu ndimeyi ili ndi mphatso ziwiri. Imalola munthu kunena mavuto ake mkati mwa chiyamiko, ndipo imaonetsa kuti munthu angathe kukondwera ndi chipulumutso cha mnzake ngakhale iye mwini sanaoloke nyanja, chimene chili chofunika kwa mayi amene pemphero lake silinayankhidwe koma wakhala pafupi ndi mnzake amene lake layankhidwa.

Zimenezi zikutifikitsa ku funso lanu lachiwiri. Chimwemwe cha m'mbali mwa nyanja sichinakhalitse monga kumva kwa mumtima. Pa Eksodo 15:22-24, vesi imodzi yokha kuchokera pa kuvina kwa Miriamu, anthu anayenda masiku 3 osapeza madzi, ndipo atawapeza anali owawa, n'kuyamba kung'ung'udza. Patangotha mwezi umodzi chitulukire mu Igupto anali atayamba kale kulakalaka miphika ya nyama ya kudziko la ukapolo. Salimo 106:12-13 imaika zinthu ziwirizi moyandikana, kuti anaimba zomutamanda koma posakhalitsa anaiwala ntchito zake. Alaliki timakonda kuwadzudzula kwambiri anthu amenewa, koma amene analerapo mwana akulira ndi ludzu sangafulumire kuwaweruza, ndipo n'zochititsa chidwi kuti ku Mara ndi ku Sini Mulungu anayankha ndi madzi abwino, zinziri ndi mana. Chimene tikuphunzira n'chakuti Mulungu sanadalire kutentha kwa mitima yawo kuti chipulumutso chikumbukike. Anachiika pa kalendala. Chaka chilichonse, pa tsiku la 14 la mwezi woyamba, banja lililonse linkayenera kudya Pasaka, ndipo m'mbale ya chikondwereroyo munkakhala ndiwo zowawa ndi mkate wopanda chotupitsa umene Deuteronomo 16:3 imautchula kuti mkate wa masautso. Ana akafunsa tanthauzo la mwambowo, makolo ankayenera kufotokoza nkhani yonse. Pasaka inkadyedwa chaka cha zokolola zambiri ndi chaka cha chilala chomwe, m'nyumba ya ukwati ndi m'nyumba ya namfedwa.

Choncho simukutumidwa kukalamula amayi kuti amve kukoma m'mitima yawo. Ntchito yanu ndi kuwathandiza kukumbukira zimene Mulungu anachita ndi chimene iye ali, kenako n'kusiya kuti kukumbukirako kugwire ntchito yake pa liwiro la munthu aliyense. Salimo 77 ingakuthandizeni kwambiri, ndipo ndikupemphani muiwerenge inuyo panokha musanakaiwerengere ena. Wolemba wake akulephera kugona, akukana kutonthozedwa, ndipo akufunsa ngati Mulungu waiwala kuchitira anthu chifundo. Kenako akusankha kukumbukira ntchito zakale za Yehova, ndipo salimoyo imathera panyanja pomwe paja, pamene njira ya Mulungu inadutsa m'madzi ngakhale mapazi ake sanaoneke, iye akutsogolera anthu ake ngati nkhosa mwa dzanja la Mose ndi Aaroni. Sitiuzidwa kuti vuto la wolembayo linatha. Nayenso Ambuye Yesu, usiku umene anaperekedwa, anadya Pasaka ndi ophunzira ake, ndipo Marko 14:26 imati anaimba nyimbo asanapite ku phiri la Olivi. Mwa mwambo wa Ayuda nyimbo za usiku umenewo zimachokera pa Masalimo 113 mpaka 118, ndipo Salimo 114 ndi ya kutuluka mu Igupto. Ngati iye anatha kuimba za chipulumutso chakale akudziwa zimene zinali kutsogolo kwake, ndiye kuti mayi wamasiye angathe kutsogolera phunziroli misozi ili m'maso popanda chinyengo chilichonse.

Ngozi ina ndi ya kulonjeza zimene Malemba sanalonjeze. N'zosavuta kunena kuti nyanja ya aliyense igawanika mwezi uno usanathe, ndipo alipo ena amene amagulitsa lonjezo lotere ndi ndalama kapena ndi timabotolo ta madzi ndi mafuta. Eksodo 12:40 imati Aisraeli anakhala mu Igupto zaka 430. Ngakhale kuti si zaka zonsezo zimene zinali za ukapolo, n'zoonekeratu kuti ambiri anabadwa, anaumba njerwa, n'kufa osaona tsiku la ufulu, ndipo Mose mwiniyo anangoliona dziko lolonjezedwa ali pa phiri la Nebo. Chimene mungalonjeze molimba mtima ndi chimene chili pa Eksodo 2:23-25 ndi 3:7, kuti Mulungu anamva kubuula kwawo, anakumbukira pangano lake, anaona, ndipo anadziwa zowawa zawo. Mayi amene mwamuuza kuti Mulungu amamva adzakhalabe ndi pogwira chaka chikatha zinthu zisanasinthe, pamene amene mwamupatsa tsiku adzayamba kudzifunsa ngati chikhulupiriro chake chinali choperewera.

Mwina wina wophunzira adzafunsa kuti zimenezi zinachitika liti. Yankhani mwachidule kuti akatswiri ena, potsata zaka 480 zotchulidwa pa 1 Mafumu 6:1, amati ndi cha m'ma 1446 Khristu asanabadwe, pamene ena amaloza nthawi ya Farao Ramesses II wa m'zaka za m'ma 1200 Khristu asanabadwe, ndipo kuti mwala wolembedwa ndi mwana wake Merneptah cha m'ma 1208 umatchula Israeli ngati mtundu wa anthu umene unalipo kale ku Kanani. Musalole kuti nkhani ya zaka idye nthawi ya phunziro.

Mbali imene ndikufuna muipatse nthawi yokwanira ndi ya zimene chimwemwe chimenechi chinkayenera kubala. M'malamulo a Mose mawu akuti akumbukire kuti anali akapolo mu Igupto amabwera mobwerezabwereza, ndipo kawirikawiri amamangiriridwa ku m'mene munthu ayenera kuchitira ndi wochepa mphamvu. Pa Deuteronomo 5:14-15 chifukwa chosungira Sabata n'chakuti wantchito wamwamuna ndi wamkazi apumule monga mbuye wawo. Pa 15:12-15 kapolo wa Chiheberi ankayenera kumasulidwa m'chaka cha 7, ndipo osati chimanjamanja, koma atapatsidwa ziweto, tirigu ndi vinyo. Pa 24:14-22 waganyu wosauka ankayenera kulipidwa dzuwa lisanalowe, chovala cha mkazi wamasiye sichinkayenera kutengedwa ngati chikole, ndipo zotsalira m'munda zinali za mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Lamulo la kukondwera lenilenilo, pa 16:11-12, limati munthu akondwere pamodzi ndi ana ake, antchito ake, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Yeremiya 34 imaonetsa zimene zinachitika lamuloli litaseweretsedwa: Ababulo atazinga Yerusalemu, mfumu Zedekiya ndi anthu ake anamasula akapolo awo, koma pambuyo pake anasintha maganizo n'kuwagwiranso, ndipo Yehova anawadzudzula powakumbutsa pangano la tsiku limene anatulutsa makolo awo m'nyumba ya ukapolo.

Eni akapolo a m'zaka zapitazi ankaidziwa mphamvu ya nkhaniyi. Mu 1807 ku London kunasindikizidwa Baibulo lodulidwa loti liziwerengedwa ndi akapolo a ku zilumba za Caribbean, ndipo nkhani yonse ya kutuluka mu Igupto inachotsedwamo. Ku America akapolo anaigwira nkhani yomweyo ngati yawo, mpaka Harriet Tubman, amene anathawitsa anzake ambiri, anamupatsa dzina lakuti Mose. Ifenso ukapolo si nthano ya kutali. M'zaka za m'ma 1800 Nkhotakota linali doko lalikulu loolotsera akapolo pansi pa a Jumbe, ku Karonga Mlozi, wogulitsa akapolo, anagonjetsedwa mu 1895, ndipo malonda amenewa ankayenda chifukwa panali mafumu ndi anthu akuda anzathu amene ankagwira ndi kugulitsa anzawo. Malondawo atatha, agogo athu a ku Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anagwa m'thangata pa minda ya atsamunda, ndipo madandaulo a thangata anali m'gulu la zimene zinadzutsa John Chilembwe mu 1915. Mbiri imeneyi imatiletsa kudziona ngati Aisraeli nthawi zonse. Funsani amayi mofatsa, popanda kuloza munthu chala, za kamtsikana kochokera kumudzi kamene kamadzuka koyamba ndi kugona komaliza m'nyumba zathu koma sikapita kusukulu, za waganyu amene timamuuza kuti abwere mawa ndalama yake tili nayo m'chikwama, ndi za katapila amene timakongoza mnzathu wa m'gulu lomwelo. Ndaona kuti pofika apa chipinda chimakhala zii, ndipo kukhala chete kumeneko musakuope.

Pokonza phunziro lenilenilo mungayambe ndi kuwerenga Eksodo 2:23-25 kuti kubuula kumveke kaye, kenako 18:1-12, n'kupatsa amayi mpata woti awiriawiri auzane zovuta za panjira ndi pamene anaona dzanja la Mulungu, monga anachitira Mose ndi apongozi ake. Musakakamize aliyense kulankhula, ndipo mugwirizane kuti zonenedwa pamenepo sizikafika pachitsime. Nyimbo ndi kuvina zibwere pambuyo pa zimenezi, ndipo amene sangathe kuvina aloledwe kukhala pansi osafunsidwa chifukwa. Salimo 136 ndi yabwino kutsekera chifukwa mtsogoleri amawerenga mzere umodzi gulu n'kumavomera, ndipo kumapeto kwake imachoka pa nkhani ya Farao n'kufika pa Mulungu amene anatikumbukira tili onyozeka ndi amene amapereka chakudya kwa zamoyo zonse. Ngati gulu lingathe, sonkhani ufa kapena nyemba pang'ono za amene nkhokwe zawo zaphwa, kuti chakudya cha pamodzi cha pa Eksodo 18:12 chisakhale cha m'buku mokha.

Nkhani ya mayi amene mwana wake akukanizidwa kubwerera isathere pa pemphero. Munthu akalandidwa pasipoti, akamagwiritsidwa ntchito mosalipidwa kapena akamatsekeredwa m'nyumba, imeneyo ingakhale milandu ya kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi mchitidwe umenewu. Mtengereni mayiyo pambali phunziro lisanafike, ndipo wina wa inu amuperekeze kupolisi, ku nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, komanso ku ofesi ya m'boma yoona za chisamaliro cha anthu, kuti nkhaniyo ifike ku unduna woona za ubale wa dziko lino ndi mayiko ena ndi kwa kazembe amene amayang'anira dziko limene mwanayo ali. Asunge mauthenga onse a pafoni, dzina ndi nambala ya amene anamupezera ntchitoyo, mapepala a mgwirizano ngati alipo, ndi malisiti a ndalama zimene zinaperekedwa. Asatumizenso ndalama kwa aliyense wolonjeza kumubweza mwanayo asanafunse kwa akuluakulu a boma. M'buku la Eksodo chipulumutso chinayamba ndi amayi amene anachitapo kanthu, azamba awiri aja, mayi ake a Mose, mlongo wake, ndi mwana wamkazi wa Farao, choncho kuyenda m'maofesi si kusowa chikhulupiriro. Chimodzimodzi ngati pa zokambirana patuluka nkhani ya mayi amene akumenyedwa kunyumba kapena ya mwana wogwiritsidwa ntchito, musaiyankhe ndi mawu akuti apirire. Idziwitseni kwa abusa ndi akulu a mpingo, ndipo ipite kupolisi kapena ku ofesi ya zantchito.

Za inu mwini, chaka chimodzi chiferedwere ndi nthawi yochepa, ndipo si zachilendo kuti nkhani ya nyumba zodzaza ndi maliro yakukhudzani kuposa nkhani ya malingaka. Pemphani mayi mnzanu mmodzi kuti mugawane phunziroli, kuti mawu akakutsamwani iye apitirize, ndipo muwaonetse abusa a pa mpingo wanu zimene mwakonza kuti akuthandizeni pa mafunso amene angabwere. Koma ngati mwakhala milungu ingapo mukulephera kugona kapena kudya, ngati ntchito za tsiku ndi tsiku zikukukanikani, kapena ngati mumafika poganiza kuti kuli bwino kufa, musadikire kuti Pasaka idutse. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite kuchipatala chimene muli nacho pafupi mukafotokozere dokotala kapena namwino zonse monga mwandifotokozera ine.